Zimene zili m'mafuta onunkhira a maluwa a hemp

Kucokera mu 2021 pamene Nyumba ya Malamulo inalola kuti anthu okhala ndi laisensi azilima hemp, mau akuti "mafuta a hemp" afala, ndipo ambiri a ife timaganiza kuti ndi cinthu cimodzi. Koma alipo amitundu itatu: ofinyidwa ku njere, amene ali ngati mafuta odyera, a CBD, ndi onunkhira ocokera ku maluwa. Pano tikamba za acitatuwa.

Hemp ndi camba ndithu. Dzina lake la sayansi ndi Cannabis sativa, limodzimodzi ndi camba cosuta. Kusiyana kwake ndi kwakuti THC, mankhwala amene amazunguza mutu, amakhalamo ocepa kwambiri. Ku United States ndi ku European Union malire ake ndi 0.3 peresenti.

Pa maluwa a cikazi pamakhala tiubweya tomata timene timasunga utomoni, ndipo fungo limacokera mmenemo. Opanga mafuta amaika maluwa m'cimphika ndi kupitsamo nthunzi. Nthunziyo imanyamula zonunkhira, ikazizira nkukhalanso madzi, mafuta amayandama pamwamba. Amatuluka pang'ono zedi: makilogalamu 100 a maluwa kawirikawiri sapatsa ngakhale kilogalamu imodzi. N'cifukwa cake kabotolo kakang'ono kamadula.

Zambiri za m'mafutawa ndi ma terpene, ndipo m'camba akatswiri apezamo oposa 100. Aakulu ali m'magulu awiri. Ma monoterpene ali ndi maatomu 10 a kaboni, ndi opepuka ndipo sacedwa kuuluka. Amene amaculuka nthawi zambiri ndi myrcene, wopezekanso mu mango ndi mu lemongrass amene ena timathira mu tiyi. Palinso pinene, fungo lija limene aliyense wodutsa m'minda ya paini ku Copperbelt amalidziwa, ndi limonene wa m'makoko a mandimu ndi malalanje. Terpinolene ndi ocimene amakhalamonso.

Gulu laciwiri ndi ma sesquiterpene, a maatomu 15, olemererako. Wamkulu ndi beta-caryophyllene, amene alinso mu tsabola wakuda. Uyu ndiye wakopa ofufuza kwambiri. Mu 2008 anaonetsa kuti amagwira pa malo ena a m'maselo ochedwa CB2, okhudzana ndi citetezo ca thupi ndi kutupa, koma sagwira pa CB1 ya mu ubongo pamene THC amagwira. Motero saledzeretsa. Mnzake ndi humulene, amene dzina lake linacokera ku hops, comera cimene amaika mu mowa wa m'mabotolo. Hops ndi camba ndi a banja limodzi la Cannabaceae, ndiye tisadabwe kuti fungo lao limafanana.

Nanga THC ndi CBD? Izi zili ndi maatomu 21 a kaboni, ndi zolemera, ndipo sizikwera msanga ndi nthunzi. Zambiri zimatsala m'zinyalala za m'mphika, ngakhale kuti kuphika nthawi yaitali kumakokera CBD wina m'mafuta. Conco wogula mafuta onunkhira poyembekezera mphamvu ya CBD wagula cina.

Cimene ife taona kuti n'cofunika koposa ndi ici: mabotolo awiri olembedwa dzina limodzi angakhale ndi zinthu zosiyana. Mbeu ya Futura 75 ya ku France sipatsa mafuta ofanana ndi a Carmagnola ya ku Italy kapena Finola ya ku Finland. Nthaka, nyengo ndi nthawi yokolola zimasinthanso kuculuka kwa ciliconse. Maluwa akayanikidwa, ma monoterpene ambiri amauluka, ndipo mafuta ake amatsala ndi caryophyllene woculuka. Mphuno singatiuze zimenezi. Zimadziwika ku labotale, ndi makina a gas chromatography amene amalekanitsa zinthuzo cimodzi-cimodzi. Wogulitsa wolonjeza kuti mafuta ake amaciza matenda, tizimufunsa pepala la zotsatira za kupimako. Tikumbukirenso kuti zambiri zokambidwa za mphamvu ya ma terpene zinayesedwa pa tizilombo, pa maselo ndi pa mbewa, osati pa anthu odwala.

Mafutawa amaonongeka ndi mpweya, dzuwa ndi kutentha. Limonene akakhalitsa m'botolo lotseguka amasanduka zinthu zoyabwa pakhungu. Asungidwe m'botolo lakuda lotseka bwino, pamalo ozizira ndi posafikira ana. Si akumwa, ndipo popaka ayenera kusakanizidwa ndi mafuta ena odzola.