Njira za ku Khulubvi ndi Mapazi a Mbona

Mlendo amene waima pa boma la Nsanje, m'dera la Mfumu Yaikulu Malemia, akayang'ana kuvuma amaona mtsinje wa Shire ndi madambo ake, ndipo akatembenukira kuzambwe amaona mapiri amene anthu amawatcha Malawi. Pakati pa madzi ndi mapiriwo pali chigwa chotentha chimene kwa zaka mazana ambiri chadulidwa ndi tinjira ta miyendo. Tina timatsikira kudimba, tina timakwera kumapiri, koma pali tinjira tina timene makolo ankatiyenda mwaulemu ndi mwamantha, chifukwa timathera m'nkhalango ya Khulubvi, kumene kuli kachisi wa Mbona.

Mbiri ya Amang'anja imati Mbona anali munthu wodziwa kuitana mvula, ndipo mphatso yakeyo inautsa nsanje mwa mtsibweni wake Mlauli. Pothawa imfa, Mbona analowera kummwera, adani ake ali pambuyo. Akuluakulu amasimba kuti pamene ankatopa ndi kukhala pansi, thanthwe linkasunga chidindo cha thupi lake. Pamene ludzu linkamugwira, madzi ankatumphuka pamchenga. Ndipo pamene adani ankayandikira, nkhalango inkamera n'kumubisa. Potsiriza anamupeza pa Ndione, m'munsi mwa phiri la Malawi. Mikondo ndi mipeni zinalephera kumulasa, kufikira iye mwini atawauza kuti amuphe ndi tsamba la bango. Magazi ake anayenda ngati mtsinje, ndipo mutu wake unaikidwa ku Khulubvi. Motero ulendo wa kuthawa kwa Mbona ndiwo unalemba njira zoyamba zopatulika za chigwa chino, pakuti malo amene iye anapumapo, monga Mwala Umodzi ndi phanga la Kaloga la ku Mwabvi, anasanduka malo a nsembe.

Wansembe wa Chikatolika wochokera ku Netherlands, Matthew Schoffeleers, amene anakhala zaka zambiri m'chigwa cha Shire, anafufuza nkhani zimenezi nazilemba m'buku lotchedwa River of Blood, lomwe linatuluka mu 1992. Iye anaona kuti nkhani ya imfa ya Mbona ikugwirizana ndi nthawi ya cha m'ma 1600, pamene ufumu wa Lundu, umene likulu lake linali ku Mbewe ya Mitengo m'boma la Chikwawa, unali pachimake ndipo unkamenya nkhondo mpaka kugombe la nyanja ya mchere. Mu 1622 Lundu anagonjetsedwa ndi Muzura mothandizidwa ndi Apwitikizi, koma kachisi sanagwe pamodzi ndi mphamvu za nkhondo. Mafumu a Ngabu ndi a Malemia anapitiriza udindo wawo wosamalira malowo pansi pa ulamuliro wa Lundu, ndipo mayi wodziwika ndi dzina la Salima, mkazi wa Mbona, ankakhala pafupi ndi kachisi kumutumikira.

Njira yopita ku Khulubvi inali ndi malamulo ake, ndipo malamulowo ndiwo anasunga nkhalango. Wolowa m'nkhalangomo amavula nsapato, amavala nsalu yakuda, ndipo amalowa motsogozedwa ndi eni ake a malo. Nkhwangwa siigwa pamtengo wa m'menemo. Nyama ya m'menemo siiphedwa, makamaka nsato, imene anthu amaiona ngati maonekedwe a Mbona. Chifukwa cha mwambo umenewu, nkhalango ya mahekitala pafupifupi 100 yakhalabe yowirira pamene tchire lozungulira linasanduka minda ndi midzi. Makolo analibe alonda ovala yunifomu kapena mpanda wa waya. Mlonda wawo anali ulemu umene mwana ankauphunzira kwa agogo ake. M'nyengo ya chilala, dzombe kapena mliri, nthumwi za midzi yakutali, ina ya kutsidya kwa Shire ndi ya m'mbali mwa Zambezi, zinkayenda masiku angapo zitasenza mapira ndi nsalu, kudzapempha mvula ndi mtendere. Njira zimenezi sizinkadziwa malire a Malawi ndi Mozambique, popeza malirewo anadza pambuyo pake.

Kenaka panafika oyenda a mtundu wina. Mu Januwale 1859 David Livingstone anakwera mtsinje wa Shire pa sitima yotchedwa Ma Robert, ndipo atafika padambo lalikulu la kumpoto kwa Chiromo analemba kuti anaona njovu zokwana 800, nalitcha Elephant Marsh. Zaka zotsatira zinali zowawa. Nkhondo za ogwira akapolo ndi njala yoopsa ya 1862 ndi 1863 zinatha anthu ambiri, midzi inasanduka mabwinja, ndipo Amakololo amene anabwera ndi Livingstone anakhazikitsa ulamuliro wawo kumtunda kwa chigwa. Tinjira tambiri tinamera udzu, koma opulumuka atabwerera anatsegulanso njira ya kukachisi.

M'nthawi ya atsamunda, Nsanje anatchedwa Port Herald, nakhala khomo lolowera m'dziko la Nyasaland. Njanji yochokera kuno inafika ku Blantyre mu 1908, ndipo mlatho wa Dona Ana pa Zambezi unatsegulidwa mu 1935. Amishoni anakwera mapiri nakhazika mamishoni ku Lulwe ndi ku Chididi, ndipo tinjira tokwera kumeneko tinayamba kuyendedwa ndi ana a sukulu ndi odwala. Komabe m'zaka za m'ma 1950, pamene boma linkakakamiza alimi kuunda mitumbira, anthu ambiri anakana, ponena kuti kalimidwe kameneka kakutsutsana ndi chifuniro cha Mbona. Kukanaku kumakumbukika ndi dzina lakuti nkhondo ya mitumbira, ndipo kunasonyeza kuti mawu ochokera ku Khulubvi anali adakali ndi mphamvu pa nkhani za nthaka.

Boma nalo linapatula malo ake osungiramo zachilengedwe. Nkhalango ya Mwabvi inakhazikitsidwa mu 1953 ndipo ndi yaikulu masikweya kilomita 135. M'menemo alendo amayenda wapansi pakati pa mitengo ya tsanya ndi matanthwe a m'chigwa cha mtsinje wa Mwabvi. Lengwe, kwawo kwa nyama ya boo, anakhala paki mu 1970. Pamapiri pali nkhalango ya Matandwe. Mu 2011 dziko la Malawi linapereka dzina la Khulubvi ndi malo ena a Mbona ku UNESCO kuti alowe pamndandanda woyembekezera wa malo ofunika pa dziko lonse, ndipo mu 2017 Elephant Marsh inalandiridwa pansi pa pangano la Ramsar losamalira madambo.

Maina apamwambawa sanaletse nkhwangwa. M'zaka za nkhondo ya ku Mozambique, makamaka kuyambira mu 1986, othawa kwawo anachuluka m'boma la Nsanje kuposa eni nthaka, ndipo onse ankafuna nkhuni ndi milimo. Pambuyo pake kuotcha makala ndi kutsegula minda m'mapiri kunapitiriza kuvula nthaka. Mvula ikagwa paphiri lopanda mitengo, madzi amatsika ndi liwiro atasenza mchenga, n'kukwirira mitsinje ndi minda. Anthu a chigwa chino anaona zotsatira zake m'madzi osefukira a Januwale 2015, a namondwe Ana mu 2022 ndi a namondwe Freddy mu Malichi 2023. Phiri likavulidwa, wolira ndi wa kudambo.

Lero achinyamata, ana a sukulu ndi alendo ochokera kutali akufuna kuyenda m'tinjira timeneti, kukwera phiri la Malawi ndi kuona dambo la Ndindi lili poteropo. Chilakolako chimenechi n'chabwino, ndipo chingathe kupatsa ntchito anyamata ndi atsikana odziwa mbiri ya kwawo. Koma njira zonse si zofanana. Ya ku Mwabvi imatsegulidwa ndi chilolezo cha oyang'anira nyama zakutchire, pamene ya ku Khulubvi imatsegulidwa ndi mafumu ndi ansembe, ndipo pali malo amene mlendo ayenera kuima osapitirira. Wotsogolera alendo amene sadziwa kusiyana kumeneku angathe kugulitsa tsiku limodzi chimene makolo anasunga kwa zaka zoposa 400.

Onse amene asonkhana pa mwambo uno akhala pansi pa mthunzi umene anausunga ndi anthu amene maina awo sanalembedwe. Udindo umene watsala uli poyera: kufunsa nkhalamba maina a malo zisanapite, kuyenda ndi ana m'njira zakale kuti azidziwe ndi mapazi awo, kubzala mitengo m'mbali mwa mitsinje yotsika m'mapiri, ndi kulemekeza mawu a eni kachisi. Njira imene anthu aleka kuiyenda imamera udzu, ndipo imene aiyenda mopanda mwambo imasanduka chigwembe cha madzi.