Mbiri ya Mafunde Opanda Mwini

M'dera la Mfumu Yaikulu Kanduku, m'boma la Mwanza, kumene mapiri amatchinga mafunde a nsanja za lamya kuti asafike m'zigwa zina, sichachilendo kuona anyamata awiri atayandikizitsa mafoni awo, wina akuponyera mnzake nyimbo pa Bluetooth kapena kanema pa Xender, alibe mayunitsi, alibe bandulo, netiweki nayo itathawa kalekale. Mafoniwo amalankhulana okha, osadzera pa nsanja ya kampani iliyonse, ndipo chimene chimawalola kutero ndi chigawo cha mafunde a wailesi chimene maboma adachisiya chopanda mwini, kuti yense alowemo osapempha chiphaso. Koma pamene palibe mwini, adzagawa ndani mpata wolankhula? Yankho lake lidakula pang'onopang'ono pa zaka zoposa 50, ndipo mutu wake ndi umodzi: posowa wolamula, chimasunga mtendere ndi mwambo.

Chiyambi chake chidali chonyozeka. M'chaka cha 1947, pa msonkhano wa bungwe la ITU ku Atlantic City, maiko adapatula zigawo zina za mafunde, kuphatikizapo cha 2.4 GHz, nazisiyira makina a m'mafakitale, a m'zipatala ndi a kafukufuku, amene amatulutsa phokoso losokoneza wailesi; ndipo popeza kudali kwaphokoso chotero, panalibe wakukhumbira malowo. Mpaka m'chaka cha 1985 ndi pamene bungwe la FCC la ku America lidalola anthu kutumizirana mauthenga m'menemo popanda chiphaso, malinga asapyole mphamvu yoikika, ndiponso asadandaule akasokonezedwa ndi anzawo.

Pamene khomo limeneli linkatseguka, nzeru yogawana njira imodzi idali itayamba kale ku Hawaii, kumene Norman Abramson, m'chaka cha 1971, adalumikiza makompyuta a pa zilumba ndi wailesi mu dongosolo lotchedwa ALOHAnet. Lamulo lake lidali lapafupi: uli ndi mawu, lankhula, mawu ako akagundana ndi a mnzako, dikira pang'ono, ubwerezenso. Masamu adaonetsa kuti mwanjira imeneyi magawo 18 okha pa 100 a mpata wonse ndiwo amapindula, ndipo ngakhale pamene Lawrence Roberts adadula nthawi m'timagawo tofanana, phindu lidangofika pa magawo 37. Tsono m'chaka cha 1975 Leonard Kleinrock ndi Fouad Tobagi adasanthula lamulo loposa, lakuti chipangizo chiyambe chamvetsera chisanalankhule. Iwo omwewo adaululanso chilema chake, chakuti zipangizo ziwiri zotalikirana, zosamvana, zingathe kulankhula nthawi imodzi kwa chachitatu chimene chili pakati pawo, nizichisokoneza osadziwa.

Lamulo lomvetsera lija ndilo lidalowa m'muyezo wa IEEE 802.11 wa m'chaka cha 1997, umene kuyambira 1999 udadziwika ndi dzina la Wi-Fi. Kachitidwe kake nkofanana ndi ka pa bwalo la mfumu, pamene munthu saimirira mnzake ali chilankhulire, ndipo awiri akaimirira pamodzi, onse amabwerera pansi kuti mmodzi atsogole. Foni ikamva kuti njira yakhala zii, sithamanga ayi. Imadzisankhira nambala mwamaere pakati pa 0 ndi 15, niwerenga chobwerera m'mbuyo, ndipo ikamva wina walowa, imaimitsa kuwerengako kufikira atatsiriza. Ikafika pa 0 imatumiza, nidikira chivomerezo. Chikapanda kudza, imadziwa kuti kwagundana, ndipo malire a maere aja amakula kufika 31, kenaka 63, kunka mtsogolo mpaka 1023. Motero khamu likachuluka, kudekha kwa yense kumachulukanso, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha.

Bluetooth, imene idayambira ku kampani ya Ericsson ku Sweden m'chaka cha 1994 pansi pa ukatswiri wa Jaap Haartsen, idasankha njira ina, yozemba mkangano m'malo modikira. Zipangizo ziwiri zimagwirizana kudumphadumpha pamodzi pa tinjira 79, maulendo 1,600 pa sekondi imodzi, kotero kuti chikatayika kanthu pa kanjira kena, chimapezekanso pa kotsatira. Ndipo kuyambira m'chaka cha 2003 idaphunzira kulambalala tinjira timene yaona kuti Wi-Fi yadzazamo. M'chaka cha 2010 kudadza Wi-Fi Direct, yolola mafoni kulumikizana okhaokha pa liwiro lalikulu.

Kuno kwathu lamya za m'manja zidafika ndi Telekom Networks Malawi m'chaka cha 1995, Celtel nitsatira mu 1999, ndipo bungwe la MACRA, lobadwa ndi lamulo la m'chaka cha 1998, lidapatsidwa udindo wogawa mafunde ndi ziphaso. Koma popeza bandulo ndi yodula ndipo nsanja sizidafike ponseponse, nyimbo zambiri zimayenda m'midzi kuchokera kwa obena nyimbo a pamsika, kulowa m'memori khadi, kenaka foni ndi foni, kudzera m'mafunde aulere aja. Akatswiri athu nawonso sadakhale manja lende: m'chaka cha 2013, Chomora Mikeka ndi anzake a ku Chancellor College, mothandizana ndi MACRA ndi bungwe la ICTP la ku Trieste, adayesa kufikitsa intaneti ku sukulu ya atsikana ya St Mary's ndi ku chipatala cha Pirimiti, m'boma la Zomba, kudzera m'mipata ya mafunde a televizioni imene idangokhala yosagwiritsidwa ntchito.

Potsiriza, makampani a nsanja, amene adazolowera kugula mafunde ndi kulamulira okha, adakhumbiranso malo opanda mwini aja. Bungwe lawo loika miyezo, la 3GPP, lidavomereza m'muyezo wake wotchedwa Release 12 kuti mafoni azilankhulana osadzera pa nsanja, makamaka pofuna kuthandiza apolisi ndi ozimitsa moto pa nthawi ya ngozi. Mu Release 13, m'chaka cha 2016, lidalowa m'mafunde opanda mwini a 5 GHz, koma lidayenera kugonjera lamulo lomvetsera lija, kuti lisapondereze Wi-Fi. Pa foni kapena galimoto imene ili kutali ndi nsanja, muyezo umati chipangizo chimvetsere zimene anzake alengeza kuti adzagwiritsa ntchito, chichotse mipata imeneyo, ndipo chisankhe mwamaere mwa yotsalayo. Release 18, ya m'chaka cha 2024, idaphatikiza kulankhulana kosadzera pa nsanja ndi mafunde opanda mwini aja, ndipo vuto lidaonekera pomwepo: chipangizo chingathe kusungitsa mpata wake bwinobwino, koma nthawi ikakwana nkupeza Wi-Fi ili pakati pa kulankhula, chiyenera kukhala chete, mpatawo nkupita padera. Kuyanjanitsa kusungitsa mpata ndi kudikira mwaulemu ndiyo ntchito imene akatswiri ali nayo lero lino, ndipo madera a mapiri ndi a m'malire, kumene nsanja zimachedwa kufika, ndiwo adzapindula koposa akadzaitsiriza.