Mkaika: likulu limene malire analephera kuligawa

Loweruka lomaliza la mwezi wa Ogasiti chaka chilichonse, msewu wa Great East umadzaza ndi mabasi, malole ndi njinga zolowera ku mwambo wa Kulamba ku Mkaika m'boma la Katete. Ena amachokera ku Lilongwe, Dedza ndi Kasungu kudzera pachipata cha Mwami. Ena ku Angonia, Macanga ndi Chifunde kudzera pa Chanida. Ziphaso zawo ndi za mayiko atatu, koma akafika pabwalo onse amagwada ndi kuwombera m'manja mfumu imodzi, Kalonga Gawa Undi. Zinatheka bwanji kuti mudzi wa m'Zambia ukhale likulu la Achewa a ku Malawi ndi Mozambique omwe? Mlendo amene wapeza womuperekeza wodziwa mbiri angathe kulondola yankho lake tsiku limodzi, kuyambira ku Sinda mpaka kumalire.

Mbiri ya dera lino inayamba kulembedwa pamiyala. Kuphanga la Makwe, kumwera kwa Katete, katswiri wofukula zakale David Phillipson anapeza zida za miyala zosonyeza kuti alenje ankakhala pamenepo zaka masauzande angapo zapitazo. M'mapanga a chigawo cha Kum'mawa mumaoneka zojambula za mitundu iwiri. Zofiira, za mizere ndi zozungulira, akuluakulu amati n'za Akafula, anthu amene Achewa anawapeza m'dziko muno. Zoyera, zopakidwa ndi chala, n'za alimi amene anabwera pambuyo, ndipo zambiri zimakhudza chinamwali ndi nyau. Zofanana nazo zili ku Chongoni m'boma la Dedza, malo amene bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Ojambulawo sankadziwa kuti tsiku lina pakati pa mapanga awo padzadutsa malire.

Ufumu wa Undi unaphuka kuchokera mu ufumu wa Maravi. Mbiri ya pakamwa imati Undi, wa mfunda wa Phiri, anachoka kwa Kalonga, mfumu ya Maravi, ku Mankhamba, kufupi ndi nyanja ya Malawi, natenga Nyangu, mayi wobereka mafumu, pamodzi ndi abale ambiri. Anakamanga likulu lake ku Mano, dera limene lero lili m'chigawo cha Tete. Kuchokera kumeneko anagawa dziko kwa abale ndi nduna zake, ndipo ulamuliro wake unafika ku Zambezi kumwera ndi ku Luangwa kumadzulo. Mafumu ang'onoang'ono ankapita ku Mano kukalamba. Mlenje akapha njovu, mnyanga umene wagunda pansi unali wa mwini dziko. Zikopa za mkango ndi kambuku nazonso zinkapita kwa Undi. Iye ankagulitsa minyanga kwa Apwitikizi a ku Tete, ndipo nsalu ndi mikanda zimene ankalandira ankagawirako mafumu ake. Umu ndi mmene ufumu unkamangidwira: cholowa chinkatulukanso.

Mphamvu imeneyi inayamba kuphwasuka Apwitikizi atayamba kukumba golide m'dziko la Undi m'zaka za m'ma 1700. Kenaka kunabwera malonda a akapolo ndi mfuti za Achikunda. Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi mu 1835, ndipo patapita zaka, mwana wake Mpezeni anakhazikika kufupi ndi kumene kuli Chipata lero. Midzi yambiri ya Achewa inathawira m'mapiri, ina inamanga malinga. Poyang'ana mapiri a Mphangwe, amene amaoneka bwino uli pa Katete, munthu amamvetsa chifukwa chake makolo ankaona phiri ngati pothawira.

Chimene nkhondo inasiya, cholembera chinamaliza. Mu 1891 Britain ndi Portugal anasainirana pangano logawana dera lino. Mano anagwera kwa Apwitikizi, pamene mafumu ena a Undi, monga Kawaza ndi Mbang'ombe, anapezeka ali mbali ya Angerezi. Munda unatsala uku, manda a makolo uko. Nthawi yomweyo amishoni anali kulowa: a mpingo wa Dutch Reformed anatsegula Magwero mu 1899 ndi Nyanje mu 1905. Mishoni ya Nyanje, yomwe ili m'boma la Sinda pakati pa Ansenga a mfumu Nyanje, ili ndi chipatala mpaka lero, ndipo ndi malo abwino oyambira ulendo m'mawa.

Msonkho ndi chibalo cha Apwitikizi zinathamangitsa anthu ambiri, ndipo mu 1935 Undi mwiniyo anawoloka malire kulowa mu Northern Rhodesia. Boma la atsamunda linamuvomereza kukhala mfumu yaikulu ya Achewa a m'dzikomo. Koma mwambo wa Kulamba unali utaletsedwa kale mu 1934, ndipo amishoni ankalimbana ndi Gule Wamkulu pomutcha zachikunja. Kwa zaka 50 mafumu sanasonkhane poyera kudzalamba. Amene anautsa mwambowu mu 1984 ndi Kalonga Gawa Undi Chivunga, mfumu imene inathandizanso pa nkhondo yomenyera ufulu wa Zambia ndipo inalamulira mpaka imfa yake mu 2004.

Anautsa mwambowu pa nthawi yovuta. Nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique inkasefukira m'midzi ya m'malire ya Katete, Chadiza ndi Petauke, ndipo anthu ambiri othawa nkhondo anasungidwa ku Ukwimi. Amene ankawalandira poyamba m'midzi anali abale awo enieni, olankhula chinenero chimodzi. Mtendere utabwera mu 1992, njira ya Chanida ndi Cassacatiza, makilomita pafupifupi 55 kuchokera pa Katete, inatsegukanso bwino. Lero pamadutsa malole opita ku Tete ndi kudoko la Beira. Mu 2007 atsogoleri atatu, Levy Mwanawasa, Bingu wa Mutharika ndi Armando Guebuza, anakhala pamodzi pa Mkaika pamaso pa Gawa Undi amene alipo lero. Apa n'kuti UNESCO italengeza kale mu 2005 kuti Gule Wamkulu ndi chuma cha anthu onse.

Pabwalo pamakhala zoti maso aone. Gawa amavala zoyera. Mafumu, omwe onse pamodzi amaposa 200, amabwera m'magulu, kupereka mphatso ndi kufotokoza mmene anthu awo akukhalira: zokolola, matenda, sukulu. Anamwali otuluka m'tsimba amavina atawerama, maso pansi, anamkungwi ali pambali. Ng'oma zikasintha, fumbi limakwera. Makanja amalowa akuyenda pamitengo italiitali, Gologolo amakwera pamwamba pa mlongoti n'kumavinira pomwepo, ndipo Kasiyamaliro, mayi wa zilombo zonse, akatulukira, amayi amayimba mokweza, ana n'kubwerera m'mbuyo.

Ulendowu suthera pa Mkaika. Pafupi ndi tauni ya Katete pali chipatala cha St Francis, chimene chinayambitsidwa mu 1948 ndi wansembe wa Anglican yemwenso anali dokotala, Francis Trefusis. Lero mipingo ya Anglican ndi Katolika imachiyendetsa limodzi. Wokhala ndi tsiku lachiwiri apitirire kudzera ku Chadiza mpaka ku Vubwi, dziko la mfumu Pembamoyo, kumene malire a Zambia, Malawi ndi Mozambique amakumana. Kumeneko ukwati, maliro ndi msika sizifunsa kuti munthu wachokera dziko liti. Vubwi ndi Sinda anakhala maboma paokha mu 2012, nthawi ya Pulezidenti Michael Sata.

Chomvetsa chisoni n'chakuti alendo ambiri amadziwa Katete wa sabata imodzi ya Ogasiti basi. Miyezi ina yonse mapanga amakhala opanda owalondera, ndipo nkhalamba zodziwa mayina a mafumu ndi njira zakale za ku Mano zikutha. Makhonsolo a Katete, Sinda ndi Vubwi, pamodzi ndi mafumu ndi bungwe losamalira malo a mbiri m'Zambia, aphunzitse achinyamata a m'midzi momwemo kuperekeza alendo, kuti ndalama zizitsala kwa eni mbiri. Aphunzitsi nawonso atengere ana kumalo amenewa. Ndipo inu owerenga, mukadzapita, yambani mwalonjera kwa anyakwawa, pemphani chilolezo musanajambule gule, ndipo musalembe dzina lanu pamwala umene makolo anajambulapo.