Mbalame za ku Hawaii zathawira kumtunda, koma phiri lili ndi polekezera

M'chaka cha 1793, mkulu wa sitima yapamadzi ya ku Britain, George Vancouver, anapatsa mfumu Kamehameha ya ku Hawaii mphatso ya ng'ombe. Mfumuyo inaletsa anthu kuzipha, choncho zinaswana n'kulowerera m'nkhalango, kumadya mphukira ndi kupondereza mizu ya mitengo imene inali isanapondedwepo ndi chinyama cholemera chotero.

Nkhalango za pazilumba za Hawaii, pakati pa nyanja ya Pacific, ndi kwawo kwa timbalame tosapezeka kwina kulikonse. Gulu lina la timbalameti linachokera kwa kholo limodzi, koma mitundu yake inachuluka kupitirira 50, wina mlomo wokhota woyamwira timadzi ta m'maluwa, wina mlomo wolimba woswera nthambi. Lero yatsala 17. Yodziwika kwambiri ndi ʻiʻiwi, yofiira psuu, imene nthenga zake ankasokera mikanjo ya mafumu. Chakudya chake chachikulu chili m'maluwa a ʻōhiʻa, mtengo umene umayamba kumera pa chiphalaphala chouma phiri likaphulika, womwenso ndi wochuluka kuposa yonse m'nkhalangozo.

Ng'ombe zinali chiyambi chabe. Cha m'ma 1825 kunafika mtundu wina wa gwafa wochokera ku Brazil, wa zipatso zing'onozing'ono zofiira. Mu 1826 sitima ina inasiya udzudzu pachilumba cha Maui, dziko limene linalibe udzudzu ngakhale umodzi. Patapita zaka, mbalame zobwera nazo kuchokera kunja zinadzetsa malungo a mbalame, ndipo udzudzu uja unapeza chonyamula. Ife amene timagona m'neti tikudziwa kuti malungo sachita chibwana, komabe thupi lathu limayesako kulimbana nawo. ʻIʻiwi ilibe mwayi umenewo: pakafukufuku wina, mbalame 9 mwa 10 zinafa zitalumidwa kamodzi kokha ndi udzudzu wa matendawa.

Adani amenewa amagwirizana, ndipo mkhalapakati wawo ndi nkhumba zolowerera m'tchire. Zimadya magwafa aja n'kumwaza njere paliponse, gwafayo n'kumera mothinana moti mbande ya ʻōhiʻa siona dzuwa. Zimagwetsanso zomera zina za thunthu lofewa, kudya mkati mwake n'kusiya mphako zosunga madzi a mvula, momwe udzudzu umaikira mazira. Mbalame zotsala zinathawira kumtunda, kupitirira mamita pafupifupi 1,500, kumene kuzizira kumaletsa udzudzu. Tsopano dziko likutentha ndipo udzudzu ukukwera nawo. Pa Kauai, chilumba cha mapiri aafupi, pothawira patha. Mbalame ya kumeneko yotchedwa ʻōʻō inamveka komaliza mu 1987, ndipo mu 2023 boma la America linalengeza kuti mitundu 8 ya mbalame za ku Hawaii, kuphatikizapo imeneyi, yatheratu.

Kenaka mtengo weniweniwo unadwala. Cha m'ma 2010 anthu a ku Puna, pachilumba chachikulu cha Hawaii, anayamba kuona ʻōhiʻa wathanzi akuuma masamba m'milungu yochepa. Mu 2014 akatswiri anapeza kuti ndi fangasi wa mtundu wa Ceratocystis, amene amalowera pabala la khungwa n'kutseka njira za madzi mumtengo. Mitengo yoposa miliyoni yafa, ndipo mu 2018 matendawa anapezekanso pa Kauai.

Pakati pa zonsezi pali chinthu chimene ine ndimachiona kuti sichilandira ulemu woyenera: mpanda. Ku Hakalau, malo otetezedwa amene anakhazikitsidwa mu 1985 m'mbali mwa phiri la Mauna Kea, anamanga mpanda wa waya, kuchotsa ng'ombe ndi nkhumba, n'kubzala mitengo ya koa zikwizikwi m'madambo amene kale anali odyetsera ziweto. Mbalame zinabwerera. Matenda a ʻōhiʻa atabuka, zinaonekanso kuti mitengo ya mkati mwa mipanda sikufa ngati ya kunja, chifukwa mulibe nyama zosenda khungwa ndi kuvulaza mizu. Waya amene anamangira vuto lina wakhala mankhwala a vuto limene omangawo sankalidziwa n'komwe.

Anthu wamba nawonso alolera kutaya zina. Kuyambira mu 2015 n'koletsedwa kutulutsa matabwa, nkhuni kapena maluwa a ʻōhiʻa pachilumba chachikulu popanda chilolezo. Olowa m'nkhalango amakwecha matope ku nsapato. Pa chikondwerero cha gule wa hula chotchedwa Merrie Monarch mu 2016, magulu ambiri anavina osavala nkhata za maluwa a mtengowu, ngakhale kuti ndi mwambo wa makolo awo.

Koma waya suletsa udzudzu. N'chifukwa chake kumapeto kwa 2023 ndege za helikoputala zinayamba kumwaza udzudzu waumuna m'nkhalango za Maui. Waumuna suluma, ndipo umenewu uli ndi bakiteriya wa Wolbachia wosiyana ndi wa udzudzu wam'tchire, kotero ukakumana ndi waukazi mazira saswa. Popeza sukhalitsa moyo, ayenera kumwaza wina mobwerezabwereza. Pa Kauai, mbalame za ʻakikiki zotsala m'tchire zinali zowerengeka ndi zala pofika mu 2023, ndipo zinzake zikuleredwa m'makola kudikira kuti udzudzu uchepe.