Kuchokera pa nkhata kufika pa mendulo: mbiri ya liwiro la m'mapiri

Mwezi wa Okutobala ukafika, thanthwe la phiri la Bunda limayamba kuotcha mapazi 9 koloko isanakwane. Amayi ndi abambo amene amakwera kukapemphera pamwamba pake amazidziwa bwino zimenezi, n'chifukwa chake amalawirira kukadali chisisira. Munthu akaima pansonga pake amaona minda ya Mitundu itayalana pansi, mapiri a Dzalanyama atatchinga chakumadzulo, ndipo kum'mawa, kuseri kwa Nathenje, phiri la Nkhoma likusuzumira.

Dera limeneli lili ndi zonse zimene othamanga m'mapiri a maiko akunja amakwerera ndege kukazifuna: zitunda zothetsa mpweya, miyala yoterera, timinjira ta mbuzi, dzuwa loswa mtengo, komanso mtunda wokwera mamita oposa 1,000 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere. Komabe wofuna mbiri ya masewerowa m'dziko muno ayenera kutsika kumwera mpaka ku Mulanje, ndipo asanafike kumeneko ayenera kudutsa kaye pa katundu.

Misewu ya galimoto isanabwere, dziko lino linkayenda pa mitu ndi pa mapewa a anthu. Kampani ya African Lakes, imene inayamba mu 1878, inkadalira amtengatenga kunyamula nsalu, mchere ndi zitsulo kuchokera kumadoko a mtsinje wa Shire kupita kumtunda. Makalata a boma ankayenda ndi amuna othamanga amene ankalandirana thumba panjira. Azungu ambiri sankaponda pansi pa maulendo ataliatali. Ankagona m'machila, amuna angapo n'kumasinthana mtengo wake paphewa, akuyenda mothamangira ndi nyimbo pakamwa. Mishoni ya Nkhoma pokhazikitsidwa mu 1896, katundu wake anafika pamalopo mwa njira yomweyo. Nkhondo ya 1914 mpaka 1918 itabuka, amuna masauzande ambirimbiri anagwidwa kukasenza chakudya ndi zipolopolo za asilikali, ndipo ambiri anatsala panjira ndi njala komanso matenda. Panalibe amene ankatcha zimenezi masewero. Unali ukapolo wa malipiro ochepa, koma miyendo ya anthu a m'dziko lino inadziwika kuyambira pamenepo.

Ku Mulanje, kusenza kunali ndi nkhope yakeyake. Phirili, limene nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, linaikidwa kukhala nkhalango yotetezedwa mu 1927, makamaka chifukwa cha mkungudza, mtengo wonunkhira umene chiswe chimauthawa. Ocheka matabwa ankagona pamwamba masabata angapo, ndipo matabwawo ankatsika pamitu pa anyamata. Thabwa lalitali, nkhata pamutu, phazi lopanda nsapato, njira yake yoti mlendo amatsika chokhala pansi: amene anaonapo anyamatawa akutsetsereka ndi katundu wotere samaiwala. Satsika pang'onopang'ono ayi, chifukwa katundu wolemera safuna kuimaima. Amatsika chodumpha, phazi likungokhudza mwala n'kuchokapo.

Mu 1952 anthu okonda kukwera mapiri anayambitsa kalabu imene lero ikutchedwa Mountain Club of Malawi. Kalabuyi, pamodzi ndi nthambi ya zankhalango, inathandiza kusamalira tinyumba togona alendo pamwamba pa phiri, monga ku Chambe, Lichenya, Thuchila ndi Sombani. Alendo atachuluka, ntchito yatsopano inabadwa m'midzi ya m'tsinde: kuperekeza alendo ndi kuwanyamulira zikwama. Mlendo amayenda chimanjamanja ndi kabotolo ka madzi, akupuma wefuwefu. Womunyamulira, amene wasenza chakudya cha masiku atatu ndi zofunda, amatsogola kukasonkha moto, tiyi n'kupsa mwini chikwama asanatulukire.

Mpikisano wa Mount Mulanje Porters Race unayamba mu 1996, ndipo poyamba unali wa anthu amenewa okha. Funso lake linali losavuta: mukawatula katundu uja, angathamange bwanji?

Yankho linadabwitsa ambiri. Njira yake imayambira pa ofesi ya zankhalango ya Likhubula, n'kukwera molunjika kupita ku Chambe, kudutsa pamwamba kulowera ku Lichenya, kenako n'kutsikiranso ku Likhubula komweko. Ndi makilomita opitirira 20, ndipo wothamanga amakwera mamita oposa 1,000 asanayambe kuganiza zotsika. Mlendo wamba amaugawa masiku awiri ulendo umenewu, n'kugona m'kanyumba pamwamba. Opambana amaumaliza m'maola awiri ndi mphindi zochepa chabe. Zaka zoyambirira ambiri ankathamanga opanda nsapato, ena atavala zapulasitiki zogula pamsika, ndipo mpaka lero sizachilendo kuona phazi losavala likusiya m'mbuyo nsapato ya ndalama zambiri.

Patapita nthawi chipata chinatsegulidwa kwa aliyense. Amayi analowa, asilikali analowa, alendo ochokera kunja analowa, ndipo bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust linatenga mpikisanowu ngati njira yolankhulira ndi anthu za kusamala phiri. Umachitika mwezi wa Julaye, ndipo tsiku limenelo pa Likhubula pamadzaza ngati pamsika: ogulitsa nthochi ndi zinanazi, magule, ana atakwera m'miyala kudikira kuti aone woyamba kutulukira m'nkhalango. Maina ngati Francis Khanje ndi Charles Musowa kwa amuna, Tereza Master ndi Doris Fisher kwa amayi, anamveka kuchokera pamenepa.

Mayi Tereza Master anafika patali. Mu Ogasiti 2016 anaimira dziko lino pa mpikisano wa makilomita 42 wa Olimpiki ku Rio de Janeiro, umene unathamangidwa dzuwa lili pamutu, ndipo anaumaliza m'maola osakwana atatu, ena angapo atalephera panjira. Nayenso Edson Kumwamba, mwana wa ku Mulanje amene anakula akuonerera mpikisano wa kwawo asanayambe kuuthamanga, anapita ku South Africa kukafuna ntchito monga amachitira anyamata ambiri. Ku Cape Town anapeza kuti zimene kwawo zinali moyo wa tsiku ndi tsiku, kumeneko ndi masewero a makalabu, aphunzitsi ndi makampani othandiza. Anayamba kupambana mipikisano ya m'mapiri ozungulira Table Mountain, ndipo mu 2018 anakathamanga makilomita 90 pa Marathon du Mont-Blanc ku France. Chaka chomwecho Kelly Holmes, Mngelezi amene anatenga mendulo ziwiri zagolide pa Olimpiki ya ku Athens mu 2004, anabwera ndi gulu la othamanga kudzalawa mapiri a kuno pa ulendo wotchedwa Orbis Challenge.

Malawi sali yekha pa nkhaniyi. Ku Cameroon akhala akuthamanga kukwera ndi kutsika phiri la Mount Cameroon kuyambira mu 1973, ndipo mayi wina wa ana ambiri, Sarah Etonge, anapambana kasanu ndi kawiri mpaka anthu kumutcha mfumukazi ya phirilo. Nayenso sanaphunzire liwiro pa bwalo lopakidwa mizere.

Pali chinthu chimodzi chimene mpikisano wa ku Mulanje suyesa kwenikweni, ndicho kutentha. Julaye ndi mwezi wachisanu, ndipo chiperoni chikabwera, nkhungu ndi kamvula kowaza zimakuta phiri lonse, miyala n'kuterera, zala n'kuuma. Kuonjezera apo, mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 aliwonse amene munthu wakwera, choncho wothamanga akafika ku Chambe amakhala wathawa kale kutentha kwa m'tsinde. Mapiri a kumwera kwa Lilongwe alibe chifundo chotero. Bunda, Ngala ndi Nkhoma ndi mapiri a matanthwe, ndipo ndi aafupi kwambiri moti pamwamba pake sipazizira mokwanira. M'chilimwe tchire limakhala litapsa, mitengo itayoyola masamba, timitsinje titaphwa. Thanthwe limamwa dzuwa tsiku lonse n'kumalibweza kumaso kwa munthu, kotero wokwera amapsa kuwiri, kumutu ndi kumapazi.

Chimene chimachitika m'thupi n'chodziwika bwino kwa madokotala. Minofu ikamagwira ntchito, mphamvu zambiri zimasanduka kutentha, ndipo thupi limakutaya kudzera m'thukuta. Wothamanga padzuwa amatha kutaya lita imodzi kapena awiri a madzi pa ola limodzi, pamodzi ndi mchere. Magazi amene akanapita ku miyendo amapatukira ku khungu kukaziziritsa thupi, mtima n'kumagunda kwambiri pa liwiro lomwe lija. Pokwera chitunda zinthu zimaipiraipira, chifukwa ntchito ndi yaikulu koma liwiro ndi lochepa, ndiye palibe kamphepo kokupiza thukuta. Thupi likapitirira madigiri 40, mutu umasokonezeka: munthu amayamba kudzandira, kulankhula zosamveka, kapena kukwiya popanda chifukwa. Pamenepo sipofunika kumulimbikitsa kuti amalize. Pofunika kumugoneka pamthunzi, kumukhuthulira madzi thupi lonse, ndi kuthamangira naye kuchipatala.

Ngakhale akatswiri kutentha sikuwaopa. Pa mpikisano wa dziko lonse lapansi ku Doha mu 2019, okonza anayambitsa liwiro la amayi la makilomita 42 pakati pa usiku pofuna kuthawa dzuwa, komabe mwa amayi 68 amene ananyamuka, 28 sanafike kumapeto. Zitatero, liwiro lomwelo la Olimpiki ya ku Japan linasamutsidwa kuchoka ku Tokyo kupita ku Sapporo, kumpoto kozizirirako.

Chosangalatsa n'choti thupi limaphunzira. Munthu akamachita masewero pamalo otentha tsiku ndi tsiku kwa masiku 10 mpaka 14, akuonjezera pang'onopang'ono, magazi ake amachuluka madzi, thukuta limayamba msanga ndipo limatuluka lopanda mchere wambiri. Makalabu a ku Ulaya okonzekera mipikisano ngati Marathon des Sables, wa makilomita pafupifupi 250 m'chipululu cha ku Morocco, amalipira ndalama kulowa m'zipinda zotenthetsedwa dala kuti apeze zimenezi. Mlimi wa ku Mitundu amene amasosa ndi kugalauza m'munda mwezi wa Okutobala, kapena mayi wothirira nazale ya fodya ndi ndowa pamutu, amazipeza osalipira kanthu. Chimene amasowa ndi chakudya chokwanira kubwezera zimene wataya, ndi munthu womuuza kuti madzi okhaokha ochuluka mopyola muyezo nawonso amadwalitsa, chifukwa amasungunula mchere wa m'magazi. Thobwa, nthochi, mbatata yootcha ndi paketi ya Thanzi zimagwira ntchito imene zakumwa zodula za m'masitolo zimagwira.

Ndipo aliyense amene anayendapo mbandakucha pa msewu wochokera ku Mitundu kulowa mumzinda anawaona akatswiri ena amene palibe amawawerenga: anyamata okankha njinga zosanjikiza matumba a makala ochokera ku Dzalanyama, thukuta lili kamukamu, akulimbana ndi chitunda chilichonse. Kupirira kwawo n'kofanana ndi kwa onyamula matabwa a ku Mulanje, ndipo tsoka lake n'lofanananso. Ntchito imene imalimbitsa miyendoyo ndi yomwe ikumaliza nkhalango. Ku Dzalanyama, kumene kumachokera madzi a mtsinje wa Lilongwe, zinafika poti boma linatumizako asilikali mu 2015. Ku Mulanje, kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu ya mkungudza isanu ndi iwiri yokha itatsala, chonsecho ndi mtengo umene unalengezedwa kukhala wa fuko mu 1984. Kwa wothamanga, kutha kwa mitengo kumamveka pakhungu: njira imene kale inali ya mthunzi ndi kasupe lero ndi ya fumbi. Mvula ya namondwe Freddy mu Malichi 2023 inagumula mbali zina za phirilo, miyala ndi matope n'kukwirira midzi. Mu Julaye 2025 bungwe la UNESCO linaika Mulanje pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse, ulemu umene ukubwera ndi ngongole yaikulu yobzala.

Ulemu ngati umenewu sunafikebe mokwanira kwa othamangawo. Bwalo la Bingu ku Lilongwe, limene linatsegulidwa mu 2017, lili ndi njira yamakono yothamangamo, koma ndalama ndi makamu a anthu zimatsata mpira. Wothamanga m'mapiri wa kuno amapambana kamodzi pa chaka, n'kujambulidwa, Lolemba lake n'kubwerera ku zikwama za alendo kapena kumunda. Makalabu enieni, okhala ndi mphunzitsi, ndandanda ya masewero ndi kathumba kothandizira nsapato ndi thiransipoti, ndiwo anasandutsa luso la a Kumwamba kukhala ntchito, ndipo anawapeza kunja.

Mnyamata kapena mtsikana wa ku Nathenje wofuna kukayesa mwayi ku Likhubula ali ndi phiri la Nkhoma pafupi, kungokhota pa Kamphata, ndipo akafuna lalitali ali ndi la Dedza, la mamita 2,198, pa msewu womwewo wa M1. Miyezi yokonzekera mpikisano wa mu Julaye ndi Epulo, Meyi ndi Juni, nthawi yomwe kwawo akukolola chimanga, kumenya soya, kukumba mtedza ndi kudinda fodya, ndiye masewero ake ayenera kutha ntchito isanayambe. Kenako pamafunika ya basi: kudzera ku Dedza, Ntcheu ndi Zalewa mpaka ku Blantyre, kusintha minibasi ku Limbe yodutsa m'minda ya tiyi ya ku Thyolo, kutsika pa Chitakale, n'kupeza njinga yamoto yokafika nayo m'tsinde mwa phiri. Ndi ulendo wa tsiku lathunthu, ndipo mawa lake m'mawa amakaima pamzere umodzi ndi anthu amene akhala akukwera njira ya ku Chambe ndi katundu pamutu kuyambira ali ana.