Kufulula Mowa wa Hops Pakhomo mu Lusaka

Kufulula mowa wa hops pakhomo ndi kupanga mowa wa mtundu wa ale m'nyumba pogwiritsa ntchito chimera cha balere chimene chinaphikidwa kale ku fakitale n'kutsekeredwa m'chitini. Chitinicho pamodzi ndi kapaketi ka yisiti amachitcha kiti. Wofulula amasungunula chimeracho m'madzi, kuthira shuga ndi yisiti, n'kudikira masabata awiri kuti mowa uwire, kenaka masabata ena awiri uli m'mabotolo. Mu Lusaka ntchitoyi amaichita anthu ochepa, ndipo chimene chimawakoka ambiri mwa iwo ndi fungo la hops, limene silimveka kwenikweni mu mowa wa lager umene wadzaza m'mabala kuyambira m'tauni mpaka ku Kabwata ndi ku Chelstone.

Chiyambi chake

Kufulula si chinthu chachilendo mu mzindawu. Amayi akhala akumeretsa chimera cha chimanga, mapira ndi mawere kuyambira kalekale, ndipo Chibuku, chimene Max Heinrich anayamba kufulula ku Copperbelt m'zaka za m'ma 1950, chinachokera ku mowa wamasese wofululidwa ndi chimera chotere. Mowa wa m'mabotolo, monga Mosi, umafululidwa ndi Zambian Breweries, kampani imene inalowa m'manja mwa AB InBev mu 2016. Koma mowa wa kiti unadzera njira ina. Ku Britain boma linachotsa lamulo lofuna chiphaso kwa ofulula pakhomo mu 1963, ndipo ku America Pulezidenti Jimmy Carter anasaina lamulo lolola zimenezi mu 1978. Makampani monga Muntons ya ku England ndi Coopers ya ku Adelaide, m'dziko la Australia, anatchuka ndi zitini za chimera, ndipo ndi zitini zotere zimene zimafika mu Lusaka, zambiri kudzera ku South Africa.

Kusiyana kwa mowa wamasese ndi ale n'kwakukulu, ndipo amene sakumvetsa amataya chitini chake. Mowa wamasese umamwedwa ukuwirabe, ndipo kuwawasa kwake kumachokera ku mabakiteriya amene wofulula amawalandira. Ale safuna mlendo aliyense kupatula yisiti yake. N'chifukwa chake chidebe, mthiko kapena sefa imene inakhudzapo thobwa, munkoyo kapena mowa wamasese siyenera kuyandikira kiti, ngakhale itatsukidwa kangati.

Zimene zili m'kiti

Chitini chodziwika kwambiri ndi cha makilogalamu 1.7, ndipo chimatulutsa malita 23 chikaphatikizidwa ndi kilogalamu imodzi ya shuga. M'kati mwake muli madzi a chimera okhuthala ngati uchi, amene anawiritsidwa kale ndi hops kuti akhale ndi kuwawa. Ziwiya zofunika ndi chidebe cha pulasitiki chosungiramo zakudya cha malita 25 kapena 30, chivindikiro chokhala ndi airlock yotulutsa mpweya, kapaipi kosamutsira mowa, mankhwala ophera tizilombo, ndi hydrometer yoyezera shuga amene watsala. Zidebe zimapezeka ku Kamwala ndi ku msika wa Soweto, koma chidebe chimene chinasungapo penti, mafuta kapena mankhwala a m'munda n'chosayenera, ndipo chokandikakandika m'kati chimabisa tizilombo.

Hydrometer ndiyo imauza munthu mphamvu ya mowa wake. Akayeza 1.045 poyamba ndi 1.010 pomaliza, amachotsera n'kuchulukitsa ndi 131, ndipo amapeza kuti mowawo uli pafupifupi 4.6 peresenti.

Hops

Hops ndi maluwa a chomera choyanga chotchedwa Humulus lupulus, cha banja limodzi ndi chamba ngakhale sichiledzeretsa. Chomerachi chimafuna dzuwa la maola ambiri m'chilimwe, motero chimabereka bwino kumadera a pakati pa madigiri 35 ndi 55 kuchokera pa ikweta, monga Hallertau ku Germany, Žatec ku Czech Republic, Kent ku England ndi chigwa cha Yakima ku America. Lusaka ali pa madigiri 15 okha, ndiye hops salimidwa kuno ngati mbewu yamalonda. Munda wapafupi wodziwika uli ku George, ku South Africa, kumene kunatuluka mitundu monga Southern Star, Southern Passion ndi African Queen.

Duwa la hops limapereka zinthu ziwiri zimene sizituluka nthawi imodzi. Kuwawa kumatuluka duwalo likawiritsidwa kwa nthawi yaitali, kawirikawiri ola lathunthu. Fungo lili m'mafuta amene amathawa ndi nthunzi mphika ukangobwata. Apa ndi pamene pali vuto la kiti: popanga chitini madzi ambiri amachotsedwa, ndipo fungo lambiri limapita nawo, kutsala kuwawa kokha. Wofuna mowa wonunkhira ayenera kubwezeretsa yekha fungolo.

Njira zake ndi ziwiri. Yoyamba ndi kuviika magalamu 25 mpaka 30 a hops m'malita awiri a madzi otentha amene angophulidwa pamoto, kwa mphindi 15 kapena 20, n'kusefera m'chidebe. Yachiwiri, imene ofulula amaitcha dry hopping, ndi kuthira hops osaphika mu mowa kuwira kukayamba kuzirala, pa tsiku lachisanu kapena lachisanu ndi chimodzi: magalamu 50 mpaka 100 pa malita 23, kwa masiku atatu kapena anayi. Akakhalitsa kuposa apo mowa umayamba kumveka ngati udzu. Mwa njira ziwirizi yachiwiri ndiyo imabweza ndalama ya munthu, chifukwa palibe fungo limene limatayika ndi moto. Chofunika n'kusatsegulatsegula chidebe, poti mpweya wakunja ukalowa umadetsa mowa ndi kupha fungo lomwelo.

Mtundu wa hops umasintha mowa wonse. Cascade, amene anatulutsidwa ku Oregon mu 1972 ndipo anatchukitsa mowa wa Sierra Nevada Pale Ale kuyambira mu 1980, amanunkhira ngati manyumwa ndi maluwa. Citra ndi Mosaic amanunkhira ngati mango ndi zipatso zina za kumadera otentha. Fuggle ndi East Kent Goldings a ku England ndi ofatsa, a fungo la dothi ndi masamba. Koma dzina pa paketi silithandiza ngati hops anayenda ulendo wautali pa dzuwa. Hops abwino ndi obiriwira. Achikasu kapena onunkha ngati tchizi ndi okalamba, ndipo ndi bwino kuwataya kusiyana n'kuwonongera malita 23. Paketi ikatsegulidwa iyenera kufinyidwa mpweya n'kusungidwa m'firiji yowumitsa.

Kutentha ndi madzi a mu Lusaka

Malangizo a pa chitini analembedwera mayiko ena, ndipo zimene zimawononga mowa kuno si zimene alembi ake ankaziganizira. Choyamba ndi kutentha. Yisiti ya ale, monga SafAle US-05, imagwira bwino ntchito pa madigiri 18 mpaka 21, ndipo mowa ukamawira umadzitenthetsa wokha ndi madigiri awiri kapena atatu. Mu Okutobala masana a mu Lusaka amapitirira madigiri 30. Mowa wowira pa kutentha kotere umatuluka ndi fungo laukali ngati la mankhwala osungunulira penti, ndipo hops sangalibise. Nyengo yabwino yofulula ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ngakhale kuti usiku wa mu Juni ndi Julayi umatsika pansi pa madigiri 10, moti chidebe chimafuna bulangeti kuti yisiti isagone.

Ena amagula firiji yapadera, koma kuzimazima kwa magetsi kwa mu 2024, pamene chilala chinatsitsa madzi ku Kariba, kunaonetsa kuti firiji yokha n'njosadalirika. Njira yosafuna magetsi ndi kuimika chidebe m'beseni la madzi n'kuchikulunga ndi chitenje chonyowa chimene nsonga yake yaviikidwa m'madzimo. Mpweya wouma wa m'chilimwe umaziziritsa chidebecho monga mmene mtsuko wadothi umaziziritsira madzi akumwa. Njira ina, yomwe ikuyenerana kwambiri ndi Lusaka, ndi kusintha yisiti. Kveik, yisiti ya alimi a kumadzulo kwa Norway, imawira bwino pa madigiri 30 mpaka 40 popanda fungo loipa, ndipo imamaliza m'masiku atatu kapena anayi. Mtundu wa Voss umagulitsidwa wouma m'timapaketi ndipo umasiya kafungo ka malalanje kamene kamagwirizana ndi Cascade.

Chachiwiri ndi madzi. Lusaka anamangidwa pa mwala wa njereza, ndipo madzi a m'zitsime zobowola ndi makina, zimene nyumba zambiri za ku Kabulonga ndi ku Woodlands zimadalira, ndi olemera ndi mchere wa mwalawo. Umboni wake ndi zoyera zimene zimamatirira m'ketulo. Madzi otere amachititsa kuwawa kwa hops kukhala kokanda pakhosi. Ndiponso chimera cha m'chitini chinabwera kale ndi mchere wa m'madzi a ku fakitale yake, choncho chimafuna madzi opepuka. Kuwiritsa madzi dzulo lake, kuwasiya akhazikike, n'kutsanula apamwamba okha kumachotsa gawo lalikulu la njerezayo, ndipo kumaphanso tizilombo, chinthu chosayenera kupeputsidwa mu mzinda umene kolera inavuta mu 2017 mpaka 2018 ndiponso mu 2023 mpaka 2024. Madzi a m'mipopi a Lusaka Water Supply and Sanitation Company, amene ena amachokera ku mtsinje wa Kafue, ali ndi klorini, ndipo klorini ikalowa mu mowa imabala fungo la mankhwala a kuchipatala. Theka la piritsi la Campden limakwana kuichotsa pa malita 23. Mowa wa India Pale Ale unatchuka ku Burton upon Trent chifukwa cha mchere wotchedwa gypsum wa m'madzi a kumeneko, ndipo magalamu awiri kapena atatu a gypsum m'madzi opepuka amanola kuwawa kwa hops.

Pali kanthu kenanso kakang'ono. Mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pa nyanja yamchere, motero madzi amabwata pa madigiri pafupifupi 96, ndipo hops owiritsidwa kuno amapereka kuwawa kocheperako pang'ono.

Kusintha zina zothira

Shuga woyera wa ku Nakambala amawira yense n'kusiya mowa wopyapyala. Kuika chimera chouma chaufa m'malo mwa theka la shugayo, kapena yense, kumapatsa mowa thupi ndi thovu lokhalitsa. Kuchepetsa madzi kufika pa malita 19 kapena 20 kumaonjezera mphamvu ndi kuwawa popanda kugula china. Magalamu 200 mpaka 300 a chimera chotchedwa crystal malt oviikidwa m'madzi a madigiri 65 mpaka 70 kwa theka la ola amabweretsa mtundu wofiirira ndi kakomedwe ka shuga wowotcha, koma akachuluka amaphimba hops. Uchi wa ku Mwinilunga ndi ku Kabompo umauma mu mowa ngati shuga, n'kusiya kafungo kochepa. Magalamu 300 ndi okwanira. Wofulula wanzeru amasintha chinthu chimodzi pa ulendo umodzi ndi kulemba m'kabuku, apo ayi sadziwa chimene chinakonza kapena kuwononga mowa wake.

Kuthira m'mabotolo ndi malamulo

Mowa umathiridwa m'mabotolo hydrometer ikaonetsa nambala yomweyo masiku awiri kapena atatu otsatizana. Shuga wobweretsa mpweya ndi magalamu 6 mpaka 8 pa lita. Kupitirira apo, kapena kufulumira mowa usanathe kuwira, kumaphulitsa mabotolo, makamaka m'miyezi yotentha. Mabotolo akhale abulauni, chifukwa kuwala kwa dzuwa kukadutsa m'botolo loyera kapena lobiriwira kumasandutsa hops kukhala fungo lonunkha. Mowa wa hops ambiri umakoma usanathe miyezi iwiri kapena itatu.

Lamulo la Liquor Licensing Act la mu 2011 limaletsa kugulitsa mowa popanda chiphaso ndiponso kuugulitsa kwa munthu wosakwana zaka 18. Boma linaletsa mowa wa m'timapaketi wotchedwa tujilijili mu 2012, ndipo kutcheza kachasu n'koletsedwa. Kutcheza ndi ntchito ina yosiyana ndi kufulula ale, amene mphamvu yake kawirikawiri imakhala pakati pa 4 ndi 7 peresenti.