Za Chikuta, Nsengwa ndi Mankhwala a Azamba m'Dziko la Changata

Inu aphunzitsi ndi akatekisi amene mugwira nchito m'midzi ya Mfumu Changata ndi m'mbali mwa minda ya tiyi ya ku Thyolo, mudziwa kuti pali khomo limodzi limene mwamuna salowapo, angakhale ali mphunzitsi wamkuru: ndilo khomo la chikuta. Koma zochitika m'nyumbamo zifika kwa inu ndithu. Pakuti mwana akakhala ndi moyo adzalowa m'sukulu yanu, ndipo mai akafa muitanidwa ndinu kumaliro. Chifukwa chache nkoyenera kuti tidziwe mbiri ya mwambo umenewu, kuti pouweruza tisataye chabwino pamodzi ndi choipa.

Za mau ache

Tiyambe ndi mau. Mkazi woyembekezera mwana timati "ali ndi pakati," ndipo akuru amasulira mauwa kuti munthuyo aima pakati pa moyo ndi imfa. Nthawi yache ikafika timati "wadwala," ndipo mwana akabadwa timati "wachira." Taonani kuti chinenero chomwe chichitira umboni kuti makolo sanayese kubala chinthu chopepuka. Mau akuti "chikuta" atchula nyumba imene mkazi achiriramo, natchulanso masiku amene abindikira m'menemo. "Mzamba" ndiye mai wamkuru wothandiza pobala. Ambiri ndi "azamba," ndiponso m'modzi yekha timuitana "azamba" pomchitira ulemu. "Nsengwa" ndi kadengu kaphanthiphanthi koikamo ufa. Koma dzina lomweli lipatsidwa kwa chija chituruka pambuyo pa mwana, chimene chinamdyetsa ali m'mimba kupyolera mu mchombo.

Za anthu a dzikoli

Eni dziko la Thyolo, limene Azungu akale analilemba Cholo, anali Amang'anja. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890 Alomwe ambiri anaoloka malire kuchokera ku Mozambique, pothawa msonkho ndi nchito yokakamiza ya Apwitikizi. Anapeza dziko lalikuru liri m'manja mwa Azungu, nakhala pa minda yao mwa thangata, ndiko kugwira nchito m'malo mwa kulipira malo. Tiyi anayamba kulimidwa ngati malonda ku Mulanje m'chaka cha 1891, nafika ku Thyolo pambuyo pache. Munda wa Satemwa unayamba mu 1923. Thangata anatha ndi lamulo la 1962.

Mitundu iwiriyi iwerenga mbumba kuchikazi, ndipo mwamuna ndiye apita kuchikamwini. Chotero mkazi anachira ali pakati pa amai ache, agogo ache ndi abale ache akazi; ndipo nzeru za uzamba zinayenda kuchokera kwa mai kunka kwa mwana wache wamkazi, zosalembedwa m'buku.

Machitidwe a kale

Mimba yoyamba ikaoneka, anamkungwi anasonkhana kumlanga mkaziyo. Mwambo umenewu ambiri autcha chisamba. Anamuuza za kudzisunga, za zakudya zosala, ndi za kupirira tsiku la kudwala. Tsikulo litafika, amuna ndi ana anachotsedwa, natsala azamba okha. Mwana atabadwa anadula mchombo ndi kachipande kakuthwa ka bango kapena ka nsungwi, ndipo pambuyo pache ndi lumo.

Nsengwa sanaitaye chitayire. Amai akuru anaikwirira m'dzenje mobisa, osaonetsa mwamuna kapena mlendo, pakuopa kuti munthu wa mtima woipa angaitenge ndi kumtseka mkaziyo kuti asabalenso. Palibe anaiyesa chakudya kapena mankhwala. Malo ache anali m'nthaka.

Mai wochirayo anamthowa ndi madzi otentha, nam'manga pamimba ndi nsaru, nampatsa phala ndi thobwa kuti mkaka uchuruke. Sanaloledwe kuphika, kapena kuthira mchere m'ndiwo. Mchombo utagwa, patapita ngati sabata imodzi, anazira nyumba, nameta tsitsi, namsambitsa mwana m'madzi a mankhwala, ndipo anaturuka chikuta. Atate ndi amai anapitiriza kudziletsa kufikira mwambo wa kutenga mwana, poopa mdulo kapena tsempho, ndiyo nthenda ya kutupa ndi kuonda imene anati igwera khanda makolo akalakwira mwambo.

Tsono tiyese zinthu izi pamuyeso wolungama. Masiku a chikuta anampumitsa mkazi ku khasu, ku mtondo ndi ku mtolo wa nkhuni. Anamteteza mwana ku chisanu cha m'mapiri a Thyolo ndi ku chifuwa cha alendo. Kudziletsa kwa makolo kunatalikitsa mimba, ndipo mwana anayamwa nthawi yaitali. Izi madotolo a lero azibvomereza. Koma zinalipo zina zimene zinapha anthu osadziwa. Chodulira chosaphika, ndi mwaye kapena dothi lopaka pa mchombo, zinalowetsa kachirombo ka kafumbata, ndipo khanda linaleka kuyamwa, niliuma thupi, nilifa sabata yache yoyamba kapena yachiwiri. M'midzi ina mkaka woyamba wachikasu anaufinyira pansi pouyesa wodetsedwa, chinkana ndiwo umtchinjiriza mwana ku nthenda. Ndipo kudwala kukatalika, anamkakamiza mkaziyo kuti aulule amuna amene anachimwa nao, poyesa kuti tchimo ndilo latsekereza mwana. M'menemo chobvuta cheni cheni chinali njira yopapatiza kapena mwana wogona chopingasa, ndipo nthawi yomka naye kwa dotolo inapita.

Za mwanamphepo

Mwa mankhwala onse a azamba wodziwika koposa ndi mwanamphepo, muzu umene aumwetsa mkazi m'madzi kapena m'phala kuti kudwala kufulumire. Tisanene kuti ulibe mphamvu. Bvuto lache ndi mphamvu yomweyo. Ufinya chiberekero, koma mphamvu ya muzu isiyana monga mwa mtengo, nyengo ndi dzanja la wopatsayo, ndipo palibe muyeso. Njira ikakhala yotsekeka, kufinyako kumbanika mwana, kapena kung'amba chiberekero, ndipo mai atayika ndi mwazi wotayikira m'kati.

Azungu nao anapita m'njira yomweyi. Azamba a ku Ulaya anali ndi ergot, chuku chakuda chomera pa ngala za mbeu yonga tirigu, chimene anamwetsa akazi kuti achire msanga. Mu 1808 dotolo John Stearns wa ku New York anachilengeza kwa madotolo anzache, ndipo chinafala. Koma zisanathe zaka 20 anaona kuti ana obadwa akufa achuruka. Anachileka kodi? Iai, anaphunzira muyeso wache ndi nthawi yache. Mu 1935 Chassar Moir ndi Harold Dudley ku London anapatula m'chukucho mankhwala otchedwa ergometrine, operekedwa mwana atabadwa kale, kuti chiberekero chikhwinyate ndi mwazi uleke. Mu 1953 Vincent du Vigneaud anapanga oxytocin, jekeseni imene anamwino abaya mai atangochira. Phunziro lache ndi ili: mtengo umene uchiritsa pa nthawi yache upha usanafike nthawi yache.

Kudza kwa zipatala

Mu 1902 a Seventh-day Adventist anagula malo a mishoni ya Plainfield pafupi ndi Makwasa, natumizako Thomas Branch, munthu wakuda wa ku America. Malowo ndiwo Malamulo, kumene kunakula chipatala chimene anthu a chigawo chino achidziwa bwino. Mu 1929 Boma linatsegula sukulu ya Jeanes ku Domasi, kumene aphunzitsi anapita pamodzi ndi akazi ao. Amuna anaphunzira kuyendera masukulu a m'midzi, ndipo akazi anaphunzira ukhondo ndi kulera makanda, kuti akaphunzitse anzao kwao. Chipatala chachikuru cha Queen Elizabeth ku Blantyre chinatsegulidwa mu 1958. Koma zipatala zinali zowerengeka, njira za m'mapiri zinali zoterera m'dzinja, ndipo anamwino anali alendo, ena ana ang'ono osabala. Chotero akazi ambiri anakhalabe ndi azamba ao.

Poona ichi, Boma la Malawi linayamba mu 1976 kuphunzitsa azamba kusamba m'manja, kudula mchombo ndi lumo latsopano, ndi kutumiza msanga odwala obvuta. Koma imfa sizinachepe monga anayembekezera. Kalembera wa zaumoyo wa 1992 anapeza kuti pa ana 100,000 obadwa amoyo amai 620 anafa. Wa 2000, m'zaka zowawa za Edzi, anapeza 1,120. Wa 2004 anapeza 984. Mu 2007 Boma linaletsa azamba kuchiritsa akazi m'midzi. Ambiri anapita ku chipatala, koma ena anachira mobisala usiku, ndi mantha a chindapusa cha mbuzi kapena nkhuku. Mu 2010 Pulezidenti Bingu wa Mutharika ananena kuti azamba asaletsedwe koma aphunzitsidwe. Ndipo mu 2012 Pulezidenti Joyce Banda anaitana mafumu kuti atsogolere nchito ya uchembere wabwino. Chiwerengero chija chinali 675 mu 2010, ndi 439 m'kalembera wa 2015 ndi 2016.

Kuno ku Thyolo a Médecins Sans Frontières anayamba kuthandiza zipatala za Boma mu 1997 polimbana ndi Edzi. Pambuyo pache anayesa chinthu chaching'ono: mai wochirira ku chipatala anampatsa sopo, kabulangete ka mwana ndi chitenje, ndipo obwera anachuruka. Pamenepo panaoneka kuti chimodzi cha zoletsa akazi osauka chinali manyazi a kufika pamaso pa anthu alibe chofundika mwana. Mu 2011 Malawi anakhala dziko loyamba kupatsa mai aliyense wapakati wokhala ndi kachirombo ka HIV mankhwala a moyo wache wonse, kuti asampatsire mwana. Ichi mzamba wa m'mudzi sakanatha kuchichita yekha, angakhale wanzeru chotani.

Za nsengwa yosanduka mibulu

Tsopano yamveka mbiri yachilendo, imene ana athu aiwerenga pa intaneti m'mafoni ao. Ku America ndi ku Ulaya kuli akazi ena amene atenga nsengwa, naifutsa pa nthunzi, naiumitsa, naipera, naiika m'timibulu tomeza. Ati ibweza mwazi, ichurukitsa mkaka, ndi kuchotsa chisoni chija chigwera amai ena atachira. Ogulitsa anena kuti ndi nzeru ya makolo a mitundu yonse. Nzoona kuti m'buku la mankhwala la Li Shizhen wa ku China, losindikizidwa mu 1596, nsengwa youma itchulidwa; koma mu 2010 Sharon Young ndi Daniel Benyshek a ku University of Nevada ku Las Vegas anasanthula miyambo ya mitundu 179, osapezamo mtundu wokhala ndi mwambo wakuti mai adye nsengwa yache. Mu 2017 ophunzira a komweko anafalitsa zimene anapeza poyerekeza amai omeza mibulu ya nsengwa ndi omeza mibulu ya nyama ya ng'ombe: mphamvu ya mwazi wao sinasiyane. Chaka chomwecho a Centers for Disease Control and Prevention anasimba za khanda la ku Oregon limene linadwala kawiri nthenda yoopsa ya m'mwazi mu 2016. Ndipo kachirombo kache kanapezeka m'mibulu imene mai wache anali kumeza. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pa nkhani iyi agogo athu okwirira nsengwa anali kutsogolo.

Chotsalira kwa ife

Mphunzitsi salowa m'chikuta, koma amuna amene asunga ndalama ya ulendo amamva mau ache, ndipo amai a mumpingo akhala pansi pamodzi ndi mkazi wache. Musanyoze azamba pamaso pa anthu, pakuti ambiri a ife tinalandiridwa m'manja mwao. Muwapemphe akhale operekeza ndi olangiza. Muuze mabanja kuti mkazi apite ku sikelo mimba ikali yaing'ono, ndi kukadikira ku chiyembekezo mwezi wache ukayandikira, makamaka m'dzinja. Mwanamphepo asammwetse. Mkaka woyamba mwana ayamwe msanga, ndipo pa mchombo pasaikidwe kanthu koma chimene namwino walamula. Zizindikiro izi aliyense azidziwe monga adziwa dzina lache: kudwala kopitirira maora 12, mwazi wambiri, nsengwa yosaturuka, mutu waukuru, kutupa ndi kukomoka, kutentha thupi ndi pfungo loipa masiku a chikuta, khanda loleka kuyamwa. Chimodzi cha izi chikaoneka, mlandu wa kuulula udikire, njinga kapena galimoto ipezeke.

Koma kupuma kwa chikuta, madzi otentha, phala ndi thobwa, ndi manja a amai ozinga mwana wao, izi zisungidwe. Chipatala chimsunga mai tsiku limodzi kapena awiri, masabata otsalawo ali m'manja mwa mudzi. Ndipo popeza Amang'anja ndi Alomwe sachita zonse mofanana, tipempha kuti akazi a aphunzitsi afunse amai akuru a m'midzi mwao maina a mitengo ndi mau a mwambowu, awalembe bwino, ndi kutitumizira, asanapite iwo amene awadziwa.